Rauta Ikakana Kukutsegulirani Muli Kutali

Foni imene ndimaiopa kwambiri pa ntchito yathuyi ndi ya Lachisanu masana. Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito, mwana wakwathu ku Mangochi, amaimba mtima uli m'mwamba: "Achimwene, rauta ya ku Midrand ija yafa, ndalephera kulowa." Ine funso langa silisintha: "Nanga anthu akumeneko, intaneti ikugwira?" Kawirikawiri yankho limakhala lakuti inde, makina olipirira ndi khadi akuyenda, maimelo akupita. Zikatero ndiye kuti rauta ili moyo. Chatsekeka ndi khomo limene ife timalowera tikafuna kuisintha, ndipo nthawi zambiri amene tatseka khomolo ndife eni ake, mwina lero lomwe, mwina miyezi itatu yapitayo.

Kuno ku Joni vutoli limapweteka chifukwa cha mtunda. Kuchoka ku Turffontein kukafika ku Midrand Lachisanu, misewu ya M1 ndi N1 itathinana, ndi ulendo wotha masana onse. Ngati mukuyenda pa takisi, mutsike kaye m'tauni n'kukaima pa mzere wina. Mukafika, mwina bwana wosunga kiyi wa kachipinda ka rauta waweruka kale. Makomandi amene ndilemba pano ndi a Cisco IOS, pulogalamu yoyendetsa marauta a kampani ya Cisco, koma popeza mashopu ndi malo ogona alendo ambiri kuno ali ndi marauta a kampani ya MikroTik, nayonso ndiziitchula pamene pakufunika.

Werengani kaye uthenga umene wabwera

Ambiri akalephera kulowa amangobwereza kasanu, kakhumi, osawerenga zimene kompyuta yalemba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. "Connection timed out" ndi ngati mwanena odi pakhomo koma m'nyumba muli zii. "Connection refused" ndiye kuti mwini nyumba wamva odi wanu ndipo wakuyankhani kuti simulowa. Pa uthenga woyambawo vuto lili panjira. Pa wachiwiriwo mwafika ndithu, ndipo vuto lili mu rautamo.

Mukaona "timed out", funsani za magetsi musanaganize zina zakuya. Kuthimathima kwa magetsi kwachepa poyerekeza ndi 2023, koma mawaya amabedwabe ndipo mphenzi za nyengo ya mvula kuno sizinyengerera. Funsaninso za kabokosi ka fibre kaja: kali ndi pulagi yakeyake, ndipo m'malo ambiri rauta amaiika pa batire koma kabokosiko amakaiwala. Magetsi akabwera, adilesi ya IP yakunja ikhoza kukhala itasintha, ngati kasitomala salipira adilesi yokhazikika. Inu n'kumagogoda pakhomo la munthu wina.

Pali chinanso chimene chimataitsa anthu nthawi yambiri. Onani adilesi imene rauta yalandira kumbali ya WAN, mbali yoyang'ana ku intaneti. Ngati ili pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, rautayo ili kuseri kwa CGNAT, kutanthauza kuti makasitomala ambirimbiri akugawana adilesi imodzi yakunja. Zimenezi n'zofala pa malaini a LTE ndi 5G. Pamenepo ngakhale mutatsegula port 22, khomo la SSH (njira yotetezedwa yolowera mu rauta muli kutali), mwaluso lotani, wochokera kunja sangafike. Rauta iyenera kukuimbirani yokha kudzera pa VPN, njira yobisika yodutsa mu intaneti, ndipo ndifika pamenepo kutsogoloku.

Mipando yadzaza

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi vuto limene limabwera, n'kutha lokha, n'kubweranso, mpaka kasitomala amayamba kunena kuti rauta ndi yakutha, agule ina.

Mu rauta ya Cisco, aliyense wolowa pa Telnet (njira yakale yolowera muli kutali) kapena SSH amapatsidwa mzere wakewake wotchedwa VTY. Marauta ambiri amabwera ndi mizere isanu, kuyambira 0 mpaka 4. Maswichi ndi marauta ena ali ndi 16, kuyambira 0 mpaka 15. Ili ngati mipando ya m'minibasi: ikadzaza, wobwera mochedwa amatsala. Ndiye funso n'lakuti, ndani wakhala pa mipando isanu yonseyo pomwe ogwira ntchito tilipo awiri okha?

Akhalapo ndi anthu amene anatsika kalekale koma rauta sinauzidwe. Mukatuluka ndi komandi ya exit, mzere umamasuka. Koma batire ya laputopu ikatha mwadzidzidzi, kapena magetsi akathima kumbali yanu, kapena munalumikiza kudzera pa foni ndipo netiweki yadukira panjira, rauta simva kutsanzika kulikonse. Imaona ngati mukadalipo, mwangokhala chete. Mwachibadwa chake, Cisco imachotsa munthu amene wakhala chete mphindi khumi. Kungoti pafupifupi paliponse pamene ndalandira ntchito kuchokera kwa wina, ndapeza mzere uwu:

exec-timeout 0 0

Amene anaulemba anatopa ndi kumangotulutsidwa ali pakati pa ntchito, ndipo ndimamumvetsa. Koma ziro ziwirizo zikutanthauza kuti asachotsedwe munthu mpaka kalekale. Kuduka kasanu kokha, mipando yonse yatha. Kenako tsiku lina magetsi athima kwa kasitomala, rauta yadzuka ndi mipando yopanda anthu, vuto laoneka ngati latha. Pakapita masabata awiri labweranso.

Ngati mwakwanitsa kulowa, lembani show users. Mudzaona mizere yonse imene ili ndi anthu, adilesi imene aliyense wachokera, ndi nthawi imene wakhala chete. Wanu uli ndi kanyenyezi kumayambiriro, umenewo musaukhudze. Ina ija yachete kwa masiku ichotseni ndi clear line vty 2, kusintha nambalayo monga mwaonera. Musanachotse, yang'anitsitsani maadilesiwo. Mukapeza adilesi imene simukuidziwa, ndiye kuti nkhani yasanduka ina: wina walowa m'nyumba, ndipo mapasiwedi onse asinthidwe tsiku lomwelo.

Kuti zisabwerenso, ikani exec-timeout 15 0 pa mizere yonse, kenako mulembe service tcp-keepalives-in. Komandi yachiwiriyi imapangitsa rauta kumafunsa mbali inayo ngati ikadalipo, ndipo ikapanda kuyankhidwa imamasula mzerewo. Ine ndimachitanso china chimene chandipulumutsa kangapo. Popeza rauta imagawa mizere kuyambira pansi kupita m'mwamba, mzere womaliza ndimaupatsa access-class yakeyake, lamulo lonena amene angalowe, yolola adilesi imodzi yokha, ya kompyuta yathu yoyang'anira. Ina yonse ingadzaze, koma mpando umenewo umandidikira.

Zifukwa zina zokanizidwa

Ngati mizere sinadzaze, ganizirani access-class. Mwina munalola adilesi ya kunyumba kwanu miyezi yapitayo, ndipo adilesiyo inasintha pamene rauta yanu ya kunyumba inazima n'kuyakanso. Rauta ya kasitomala ikukuonani ngati mlendo, ndipo ikuchita zimene munaiuza.

Mwinanso SSH sinayake n'komwe. Komandi ya show ip ssh imanena poyera. Izi zinatichitikira mwezi wa Januwale wina, mphenzi itapha rauta ya kasitomala wathu ku Germiston. Tinaika yatsopano, tinakoperamo zonse za yakale, intaneti inagwira, tinanyamuka. Madzulo ake poyesa kulowa, tinakanizidwa. Makiyi a RSA amene SSH imadalira sakhala m'gulu la zimene show running-config imaonetsa, choncho pokopera sanasamuke nawo. Rauta yatsopano iyenera kupangiridwa ake: ikhale ndi hostname, ikhale ndi dzina la domain, kenako crypto key generate rsa modulus 2048 ndi ip ssh version 2. Kuyambira tsiku limenelo sitichoka pamalo tisanalowe pa SSH kuchokera kunja, pogwiritsa ntchito data ya pa foni, tili chiimire pafupi ndi rautayo.

Mukasintha rauta chonchi, laputopu yanu idzakuchenjezani ndi zilembo zikuluzikulu kuti chizindikiro cha rautayo chasintha. Ngati mukudziwa kuti mwasintha ndinu, chotsani chakalecho ndi ssh-keygen -R kutsatiza adilesi. Ngati palibe amene wasintha kanthu, musapitirire. Chenjezolo analiikira kuti mudziwe pamene wina waima pakati pa inu ndi rauta.

Komandi ya login block-for 120 attempts 3 within 60 ndi yabwino: wina akalakwitsa pasiwedi katatu m'mphindi imodzi, khomo limatsekeka mphindi ziwiri. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti limatsekekera aliyense, inunso. Ngati rauta ili poyera pa intaneti, makompyuta ongoyesa mapasiwedi amagogoda usana ndi usiku, ndiye khomo limangokhala chitsekere. Onjezerani login quiet-mode access-class yokhala ndi maadilesi anu kuti inu muzidutsa.

Mwafika pakhomo koma simukumvana

"Password required, but none set" ndi uthenga wa Telnet wonena kuti mizere yauzidwa kufunsa pasiwedi koma palibe amene anaiika. SSH nayo imafuna dzina la munthu, choncho pamafunika username yokhala ndi secret, ndi login local pa mizereyo. Mukalowa koma enable, komandi yokupatsani mphamvu zosintha zinthu, n'kukuyankhani kuti "No password set", ndiye kuti enable secret kulibe, ndipo muli kutali simungapite patsogolo. Chenjerani ndi aaa new-model: ikangolembedwa, mizere ya VTY imayamba kufuna dzina ndi pasiwedi za m'rautamo. Pangani dzinalo musanailembe.

Vuto limene likuchuluka masiku ano ndi la laputopu yatsopano ndi rauta yakale. Makasitomala athu ambiri amagula zipangizo zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo sindiwaimba mlandu, ndalama ndi yovuta. Koma OpenSSH, pulogalamu ya SSH ya pa laputopu, inasiya kuvomereza njira zina zakale zobisira uthenga: mu 2015 inazimitsa diffie-hellman-group1-sha1, ndipo mu 2021 inazimitsa ssh-rsa yodalira SHA-1. Mudzaona "no matching key exchange method found" kapena "no matching host key type found", ndipo kutsogolo kwake, pa mawu akuti "Their offer", pamalembedwa zimene rautayo ikudziwa. Tengani zimenezo muzilole pa rauta imodzi yokhayo:

ssh -oKexAlgorithms=+diffie-hellman-group14-sha1 -oHostKeyAlgorithms=+ssh-rsa dzina@adilesi

Chimene ndikukupemphani, abale anga, musathawire ku Telnet chifukwa cha uthenga umenewu. Ndaona ambiri akuchita zimenezo n'kuiwala kutsekanso.

Ngati mukulowa bwinobwino koma zonse zimauma mukangolemba komandi yotulutsa mawu ambiri, vuto ndi MTU, kukula kwa phukusi la data limene laini inganyamule kamodzi. Laini ya PPPoE, njira ina yolumikizira ku kampani ya intaneti, imanyamula mabaiti 1492 m'malo mwa 1500, ndipo VPN imachepetsanso. Tsitsani MTU ya VPN-yo muyesenso. Ngati zimauma mukakhala chete pang'ono, ikani ServerAliveInterval 30 kumbali yanu, kapena keepalive ngati mumalowera pa pulogalamu ya PuTTY.

Musadzitsekere panja

Mwa maulendo onse amene ndakwera takisi mwadzidzidzi kupita kwa kasitomala, ochuluka anayamba ndi komandi imene ndinalemba ndekha. Tsopano ndili ndi lamulo limene sindiliphwanya ngakhale kasitomala akundifulumizitsa: ndisanakhudze chilichonse chokhudza njira imene ndalowera, ndikonze kaye yobwerera.

Pa Cisco ndimayamba ndi write memory, kusunga zinthu zili bwino. Kenako reload in 15, kuiuza rauta kuti izime n'kuyakanso pakatha mphindi 15. Ndikatero ndimasintha zimene ndikufuna, osasunga. Ndimatsegula zenera lachiwiri n'kuyesa kulowa mwatsopano, loyamba lija lili chitsegukire. Zikatheka, ndimalemba reload cancel, kenako write memory. Ndikadzitsekera, ndimangodikira: rauta idzayaka ndi zakale zija. Pachimake pa njirayi ndi posasunga musanayese. Mukasunga cholakwika, rauta idzadzuka nacho. Muuzeninso kasitomala pasadakhale, chifukwa ikazimadi intaneti iduka kwa mphindi zingapo, ndipo pa shopu mphindi zimenezo ndi mzere wa anthu pa kauntala. Rauta ya Juniper ili ndi commit confirmed, imene imabweza zosinthazo pakatha mphindi khumi ngati simunatsimikize. MikroTik ili ndi Safe Mode, batani lake lili pamwamba mu Winbox, pulogalamu yoyang'anira MikroTik: mukaduka mosayembekezera, zimene munasintha zimafufutika. Kumbukirani kuti imasunga zosintha 100 zokha, choncho muzituluka n'kulowanso mu Safe Mode mukamaliza gawo lililonse.

Msampha umene umakola ngakhale akatswiri ndi access-list ya nambala, mndandanda wa malamulo onena zololedwa ndi zokanizidwa. Mukafuna kuchotsa mzere umodzi n'kulemba no access-list 101 kutsatiza mzerewo, Cisco imafufuta mndandanda wonse. Mukayamba kuulembanso, mzere woyamba ukangolowa, china chilichonse chimene sichinaloledwe chimakanizidwa pompo, kuphatikizapo inu ngati mndandandawo uli pa khomo limene mwadzera. Lowani ndi ip access-list extended 101 n'kuchotsa mzerewo potchula nambala yake.

Khomo lotsegukira aliyense

Pofuna kuthawa mavuto onsewa, ena amangotsegula zonse. Telnet, imene imayenda pa port 23, imatumiza dzina ndi pasiwedi poyera monga mmene mwazilembera. Aliyense amene ali panjira ndi pulogalamu ngati Wireshark akhoza kuziwerenga. SSH inabadwa chifukwa cha vuto lomweli: Tatu Ylönen anailemba mu 1995 ku Finland, anthu atabera mapasiwedi pa netiweki ya yunivesite yake. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inalanda zipangizo zambirimbiri padziko lonse pongoyesa pa Telnet mapasiwedi a ku fakitale okwana pafupifupi 60. Mu 2018 panapezeka bowo mu Winbox ya MikroTik, pa port 8291, limene linkalola munthu kutenga mapasiwedi asanalowe n'komwe, ndipo marauta amene sanakonzedwe anagwidwa ochuluka. Chaona mnzako chapita.

Lembani transport input ssh, ndipo muonetsetse kuti yafika pa mizere yonse. Cisco imaonetsa vty 0 4 payokha ndi vty 5 15 payokha, ndipo nthawi zambiri ndimapeza gulu loyamba lotetezedwa bwino, lachiwiri lili chitsegukire. Pa MikroTik pitani ku /ip service, muzimitse telnet, ftp, www ndi api, ndipo pa ssh ndi winbox muike maadilesi ololedwa. Gwiritsani ntchito secret osati password, chifukwa mapasiwedi olembedwa ndi password, ngakhale atabisidwa ndi mtundu 7, amamasulidwa m'kanthawi kochepa ndi aliyense amene waona fayilo yanu. Kusamutsa SSH kupita ku port 2222 kumachepetsa phokoso la ogogoda, koma sikutseka kanthu.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi yakuti khomo lisaonekere pa intaneti n'komwe. Tili ndi kaseva kakang'ono kokhala ndi adilesi yokhazikika. Rauta iliyonse imaimbira kumeneko pa VPN, ifenso timaimbira komweko, ndipo access-class imalola maadilesi a m'kati mwa VPN okha. MikroTik yokhala ndi RouterOS 7 ili kale ndi VPN yotchedwa WireGuard. Njira imodziyi imathetsa CGNAT, adilesi yosinthasintha, ndi ogogoda usiku aja.

Munthu aliyense akhale ndi dzina lake lolowera. Kuno anthu timasuntha kwambiri, wina wapeza ntchito ku Cape Town, wina wabwerera kumudzi, ndipo pasiwedi yogawana imapita nawo. Ikani login on-failure log ndi login on-success log, ndipo wotchi ya rauta ikhale yolondola kudzera pa NTP. Nthawi ya kuno ndi yofanana ndi ya kwathu, maola awiri patsogolo pa UTC. Ndipo ntchito yanu ndi kasitomala ikatha, ngakhale sanakulipireni zonse, musalowenso mu rauta yake. Lamulo la Cybercrimes Act la 2020 limatenga kulowa mopanda chilolezo ngati mlandu, ndipo kwa ife alendo mlandu umakhudzanso mapepala.

Pamene SSH singathandize

Zonse ndanenazi zimayenda pa laini yomweyo imene rauta ikunyamula. Fibre ikaduka, mukalakwitsa njira yotulukira kunja, rauta ikaima pa ROMMON osamaliza kudzuka, kapena pasiwedi ikaiwalika, palibe komandi yochokera kutali imene ingafike. Chotsala ndi khomo la console, lofuna chingwe ndi munthu.

Kwa makasitomala amene sangapirire kuduka kwa tsiku lonse, timaika khomo lachiwiri losadalira laini yawo: karauta ka LTE kokhala ndi SIM ya kampani ina, ndi kakompyuta ka Raspberry Pi kolumikizidwa ku console ndi chingwe cha USB, zonse pa batire yakeyake, zikuimbira ku kaseva kathu kaja. SIM-yo ilembetsedwe pa RICA, lamulo la kuno lolembetsa ma SIM, m'dzina la kampani ya kasitomala osati lanu. Kumene ndalama sizilola, timasiya chingwe cha console chili chilumikizire ku rauta, n'kumata kapepala kolemba 9600, 8, N, 1, zoyenera kuika pa laputopu polumikiza ku console, kuti munthu wa pamalopo akabwera ndi laputopu timutsogolere pa vidiyo ya WhatsApp. Kumene kuli karauta ka LTE, tsiku loyamba la mwezi uliwonse timalowera khomo lachiwirilo dala, kuona ngati bandulo sinathe ndiponso ngati batire ikusungabe moto.